Kodi Aerosmith ya pa ukwati ija ndi yomweyi ya phokosoyi?

MwanaWaDedza: Akuluakulu, ndithandizeni. Loweruka lapitali ndinali pa ukwati wa msuweni wanga, ndiye akwati polowa muholo DJ anaika nyimbo ija ya mu filimu ya Armageddon, "I Don't Want to Miss a Thing". Azakhali mpaka kupukuta misozi ndi chitenje. Usiku ndinati ndifufuze nyimbo zina za anthu amenewa kuti ndizimvera pogona. Mayo ine! Zimene zinatuluka mufoni ndi magitala olira ngati chigayo, munthu akukuwa ngati waponda khala la moto. Ndinayesa ndalakwitsa dzina. Kodi Aerosmith ilipo iwiri?

MdalaWaZimbale: Mwanawe, ya chigayoyo ndiye Aerosmith. Ya pa ukwatiyo ndi agogo atavala suti yobwereka.

AchemwaliKuLeeds: Ayamba madala athu aja. Mwana wangofunsa funso, inu mwasolola kale chikwanje.

MdalaWaZimbale: Sindinasolole chikwanje, achemwali. Suti yobwereka ndikunena zenizeni. Nyimbo imeneyo sanaipeke ndi iwo. Anaipeka ndi mayi wina wotchedwa Diane Warren, amene ntchito yake ndi kupekera oimba ena nyimbo zachikondi. Inatuluka mu 1998, gulu lili ndi zaka 28. Ndiye mwanayu akafuna kudziwa anthu amenewa ayambire kumayambiriro, asakhale Kandimverere.

Gululi linabadwira ku Boston mu 1970. Steven Tyler, wakamwa lalikulu uja, kwawo ndi ku New York, dzina lake lenileni ndi Steven Tallarico, ndipo poyamba ankaimba ng'oma. Bambo ake anali katswiri wa piyano. Banja lawo linkapita kutchuthi ku Sunapee, kadera ka m'mbali mwa nyanja ku New Hampshire, ndipo kumeneko ndi kumene anaona Joe Perry wa gitala ndi Tom Hamilton wa besi akuimba m'kagulu kawo kotchedwa Jam Band. Anagwirizana zoyambitsa gulu limodzi, koma Tyler ananeneratu kuti iye za ng'oma ayi, akufuna kukhala kutsogolo. Ng'omazo anazitenga Joey Kramer, yemwenso ndiye anabweretsa dzina loti Aerosmith. Onse anakapanikizana m'nyumba imodzi ya lendi pa 1325 Commonwealth Avenue. Gitala wachiwiri anali Ray Tabano, koma mu 1971 m'malo mwake munalowa Brad Whitford. Asanu amenewa ndiwo Aerosmith.

MwanaWaDedza: Eee, mpaka nambala ya nyumba! Madala, munkakhala nawo komweko?

MdalaWaZimbale: Ha ha. Achimwene anga malemu anapita kusukulu ku America, pobwera mu 1977 ananyamula zimbale m'sutikesi m'malo mwa zovala. Mayi anakwiya sabata yathunthu. Mwa zimbalezo munali Toys in the Attic ndi Rocks. Ndili nazo mpaka lero, ngakhale chikuto cha Rocks chinalawidwa ndi chiswe.

ZalaZisanu: Ine ndimaimba gitala m'bandi ya maukwati kuno ku Mzuzu, ndiye nyimbo ya Armageddon ija ndaiimba kambirimbiri moti ndikhoza kuiimba ndili mtulo. Imandidyetsa, sindingainyoze. Koma kunena chilungamo, ngati woimba gitala mulibemo chondituluitsa thukuta. Zimene madala akunenazo ndi zina. Tengani "Sweet Emotion" ya mu 1975. Imayamba ndi besi ya Hamilton yokha ikuzungulirazungulira, pansi pake anaikapo malimba a mawu aakulu, ndipo kaphokoso konga ka maseche kamene mumamvako ndi Tyler akugwedeza kapaketi ka shuga pafupi ndi maikolofoni chifukwa musitudiyo munalibe maseche. Chinanso, Perry ndi Whitford saimba chinthu chimodzi. Perry ndi wosasamala, amakhala ngati akutsalira pang'ono dala. Whitford ndi waukhondo, wophunzira, anapitako kusukulu ya nyimbo ya Berklee. Ukawaphatikiza ndiye pamatuluka chinthu chovinitsa. Magulu ambiri a hard rock amakugunda pamutu, awa amakugwira m'chiuno.

MdalaWaZimbale: Mwaiponda pamutu njoka, amwene. Komabe musaganize kuti zinayenda msanga. Shoo yawo yoyamba inali pasukulu ya sekondale ku Mendon, Massachusetts, mu November 1970. Mu 1972 Clive Davis wa Columbia Records anawaona akuimba pa kalabu ya Max's Kansas City ku New York n'kuwasainitsa. Chimbale choyamba chinatuluka mu January 1973, koma kampani sinachilabadire kwenikweni, maso ake anali pa Bruce Springsteen amene anatulutsanso chake choyamba mwezi womwewo. "Dream On" inangofika pa nambala 59 pa Billboard, mndandanda wa nyimbo zotchuka ku America. Olemba nkhani ankawaseka kuti ndi Rolling Stones ya kaunjika, poti Tyler amafanana ndi Mick Jagger milomo ndi kavinidwe komwe. Chimene chinawapulumutsa ndi msewu. Ankaimba tawuni ndi tawuni, kutsegulira magulu ena, mpaka anyamata a m'mizinda ya mafakitale ngati Detroit anawatenga kukhala awoawo. Ndiye kunabwera Jack Douglas kudzawajambula: Get Your Wings mu 1974, Toys in the Attic mu 1975, Rocks mu 1976. "Dream On" yomwe ija ataitulutsanso inakwera mpaka nambala 6 mu 1976. Nyimbo yomweyo, oimba omwewo, chinasintha ndi makutu a anthu.

WaKuChipata: Ndalowa mochedwa koma mawu oti Jagger andiitana. Kodi mudziwa kuti ifenso ku Zambia tinali ndi Jagger wathu nthawi yomweyo? Emmanuel Chanda wa gulu la WITCH anthu anamutcha Jagari chifukwa cha kavinidwe komweko. Ndipo 1975 imene mukuitamayo ndi chaka chimene WITCH inatulutsa Lazy Bones, Amanaz n'kutulutsa Africa. Ndiye ine nkhani yoti wina ndi wokopera siindikhudza. Anyamata a ku Boston ndi anyamata a ku Copperbelt ankamwa pachitsime chimodzi, cha magulu a ku Britain, amenenso anatunga kwa oimba blues akuda a ku America. Aliyense anathiramo ndiwo zakwawo.

ZalaZisanu: Zoona zimenezo, akulu. Ndipo Aerosmith sinabise. "Train Kept A-Rollin'" imene ankatsekera mashoo anaiphunzira kwa a Yardbirds a ku England, koma mwini wake woyamba ndi Tiny Bradshaw, munthu wakuda, mu 1951.

Mfana_wa_Rap: Ndakhala chete kudikira kuti wina atchule, koma ndaona kuti madala akuzemba dala. Fotokozani mmene anagwera, kenako munene amene anawadzutsa. Musachite manyazi.

MdalaWaZimbale: Sindikuzemba, mphwanga, ndimapita kukamwa tiyi. Anagwa ndi mankhwala ozunguza bongo, palibe chobisa. Tyler ndi Perry mpaka anapatsidwa dzina loti Toxic Twins, ngati kunena kuti mapasa a poizoni. Mu 1977 anawatengera kunyumba yakale ya masisitere kunja kwa New York kuti akajambule Draw the Line kopanda zosokoneza. Zosokonezazo zinawatsatira konko pagalimoto. Chimbalecho ukachimvera umamva kuti anthu awa sakuyang'anananso kumaso. Mapeto ake anafika mu July 1979 ku Cleveland. Kuseri kwa siteji akazi awo anayambana, mkazi wa Perry anathira mkaka mkazi wa Hamilton, amuna analowererapo, Perry n'kuchoka. Whitford anatsatira mu 1981.

AchemwaliKuLeeds: Imani pomwepo, madala. Nkhani ya mkaka imeneyi imandinyansa mmene amaikambira. Amuna asanu akuluakulu amwa mankhwala zaka zisanu, ndalama zapita, sakulankhulana, koma mbiri ikamalembedwa akuti gulu linatha chifukwa cha akazi ndi kapu ya mkaka. Ngati kumudzi komwe, abale akayambana mlandu umagwera mlamu.

MdalaWaZimbale: Pamenepo ndagonja, achemwali. Mkakawo unangogwera pa khoma lomwe linali litang'aluka kale.

Anayesa kupitiriza ndi oimba gitala ena, Jimmy Crespo ndi Rick Dufay. Tyler anachita ngozi ya njinga yamoto mu 1980, anagona nthawi yaitali. Rock in a Hard Place ya mu 1982 si yoipa monga anthu amanenera, koma anthu anali atasamukira kwa gulu la Van Halen. Tyler ankakomoka pasiteji. Asanu aja anabwererana mu 1984, anasaina ndi kampani ya Geffen, anatulutsa Done with Mirrors mu 1985, koma sichinayende malonda.

Mfana_wa_Rap: Eya, tafika tsopano. 1986. Ma DJ a ku New York anali akugwiritsa kale ntchito ng'oma zoyambirira za "Walk This Way", timasekondi tochepa tija, kuzibwereza kuti anyamata azirapa pamwamba pake. Run ndi DMC, a gulu la rap la Run-DMC, sankadziwa n'komwe kuti gululo dzina lake ndani, ankangoti chimbale cha Toys in the Attic. Rick Rubin, amene ankajambula nawo chimbale cha Raising Hell, ndiye anati imbani nyimbo yonse ndi mawu ake omwe. Awiriwo anakana, ankaona ngati zachimidzi. Jam Master Jay, DJ wawo, ndiye anaona patali. Tyler ndi Perry anabwera kusitudiyo, nyimbo inatuluka, inafika pa nambala 4 pa Billboard. Ya eni ake ija inalekera pa nambala 10. Ndiye vidiyo yake: magulu awiri akuyeserera m'zipinda zoyandikana, akusokonezana, mpaka Tyler anaboola khoma ndi chitsulo cha maikolofoni. MTV inaionetsa usana ndi usiku. Popanda anyamata atatu a ku Queens amenewa, Aerosmith bwenzi ikuimba m'mabala.

ZalaZisanu: Theka lake ndi zoona. Koma kumbukirani kuti phindu linapita mbali zonse. Mawailesi a rock amene sankaika rap anayamba kuika Run-DMC chifukwa cha gitala wa Perry. Ndipo nyimboyo inatheka kuirapa chifukwa inali kale ndi magazi a funk. Perry amanena yekha kuti anaipeka akuganiza za The Meters a ku New Orleans, ndipo Tyler, poti ndi woimba ng'oma, mawu ake amawaponya mothamanga ngati akuimba ng'oma ndi lilime. Si nyimbo iliyonse ya rock ikanalola zimenezo.

AchemwaliKuLeeds: Ndipo nonse mukuiwala chachikulu. Ine ndimagwira ntchito ya unamwino, ndaona anthu a mankhwalawa. Nyimbo imodzi yotchuka sichiritsa munthu, imangomupatsa ndalama zogulira ena. Chimene chinawadzutsa ndi choti mu 1986 momwemo manijala wawo Tim Collins ndi anzake anamukhazika pansi Tyler n'kumutumiza kumalo othandiza anthu kusiya mankhwala, kenako enawo anatsatira mmodzimmodzi. Permanent Vacation ya mu 1987 anaijambula ali bwinobwino m'mutu. Madala akuti suti yobwereka. Ine ndikuti munthu amene anali maliseche pamsewu wavala, ndipo inu mukudandaula za telala.

MwanaWaDedza: Achemwali mwawina, landirani fanta.

MdalaWaZimbale: Sanawine, dikirani. Kuti anachira ndikuthokoza Mulungu. Koma taonani mtengo wake. John Kalodner wa ku Geffen anawauza kuti nyimbo zawo zokha sizikukwanira. Anawatumiza ku Vancouver kwa Bruce Fairbairn, amene anali atangojambula Bon Jovi, n'kuwabweretsera opeka nyimbo akunja, Desmond Child ndi Jim Vallance. "Angel" inatuluka mmenemo. Kuyambira pamenepo chimbale chilichonse chinayenera kukhala ndi nyimbo yolira yoti atsikana agule. Pofika pa Get a Grip mu 1993 zinali zitatu, "Cryin'", "Amazing" ndi "Crazy", zofanana ngati mandasi a mayi mmodzi. Anthu ankakonda mavidiyo ake, momwe munali mtsikana wa mafilimu Alicia Silverstone, kuposa nyimbozo. Kale anyamata asanu ankatsekeredwa m'chipinda mpaka nyimbo ituluke. Tsopano inali komiti.

AchemwaliKuLeeds: Komiti imeneyo inawapatsa chimbale chawo choyamba kufika pa nambala 1 ku America, Get a Grip yomweyo. Grammy zawo zonse zinayi ndi za nthawi imene inu mukuinyozayo. Ndipo "Dream On" ya mu 1973 si nyimbo yolira ya piyano? Kapena kulira kumaloledwa kukakhala pa chimbale cha achimwene anu chokha?

ZalaZisanu: Eish, madala, apa akukhomererani msomali.

Ine ndili pakati. Pump ya mu 1989 ndimaiika pafupi ndi Rocks, osachita manyazi. "Janie's Got a Gun" anaipeka Tyler ndi Hamilton okha, ndipo ikunena za mtsikana wochitidwa nkhanza ndi bambo ake, nkhani imene magulu a tsitsi lalitali a nthawi imeneyo sankaiyandikira. Ndiyo inawapatsa Grammy yoyamba. Kumene ndimasiyana nawo ndi pambuyo pa Nine Lives ya mu 1997. Just Push Play ya mu 2001 ngakhale Perry mwini wake ananena poyera kuti sachikonda.

AchemwaliKuLeeds: Poti mwatchula Janie, tinene zonse. Tyler anakhazikitsa thumba lothandiza atsikana ochitidwa nkhanza, Janie's Fund, mu 2015. Koma mu December 2022 mayi wina anamusumira kukhoti ku Los Angeles ponena kuti anamugwiritsa ntchito mwachiwerewere m'ma 1970 iye ali ndi zaka 16, Tyler ali munthu wamkulu wa zaka za m'ma 20. Tyler anakana mlanduwo. Ine nyimbo zawo ndimazikonda, mwaona ndikuwaikira kumbuyo, koma sindifuna mwana wathuyu achoke pano akuganiza kuti zoipa za nthawi imeneyo zinali mankhwala okha.

MdalaWaZimbale: Pamenepo ndilibe mawu otsutsa. Tinkaona zithunzi tili anyamata n'kumasirira, osafunsa kuti atsikana ali pambaliwo ali ndi zaka zingati.

WaKuChipata: Chimene chimandidabwitsa ine pa anthu awa ndi kukhalitsa. Kwathu Zamrock, rock ya ku Zambia ija, inafa m'ma 1980. Mtengo wa kopa unagwa, anthu analibe ndalama zogulira zimbale, disco inalowa, kenako Edzi inatenga oimba ambiri. Jagari anakathera kukumba miyala ya mtengo wapatali, mpaka WITCH inadzukanso iye atakalamba, n'kutulutsa Zango mu 2023. Anzathu a ku Boston anagwa pamalo pamene panali wowatola: makampani a ndalama, zipatala, MTV. Mu 1991 Sony inawasainitsa kontrakiti imene manyuzipepala anati ndi ya madola 30 miliyoni, anthu oti zaka zisanu zokha m'mbuyomo anali atatheratu. Luso analinalo, sindikana. Koma kugwa ku America ndi kugwa ku Kitwe n'kosiyana.

Mfana_wa_Rap: Mawu amenewo, akulu. Ndiwonjezere kuti ambiri a msinkhu wanga "Dream On" tinaimvera koyamba kwa Eminem mu "Sing for the Moment" ya mu 2002. Gitala wakumapeto kwa nyimboyo ndi Joe Perry yemweyo. Kawiri konse rap ikuwabweretsera ana atsopano, madala avomere basi.

MdalaWaZimbale: Ndavomera kawiri kale lero, zakwana.

MwanaWaDedza: Nanga mtsikana wa mu Armageddon uja, akuti ndi mwana wa woimbayo? Ndipo pano ali kuti anthu amenewa, akuimbabe?

AchemwaliKuLeeds: Eya, Liv Tyler, wobadwa mu 1977. Anakula akudziwa kuti bambo ake ndi woimba wina, Todd Rundgren, ndipo zoona anazidziwa ali kamtsikana. Mu vidiyo ya "Crazy" alimonso. Ndiye tangoganizani, bambo akuimba nyimbo ya filimu imene mwana wake akusewera, nyimboyo n'kulowa pa Billboard ili kale pa nambala 1, n'kukhalapo masabata anayi. Ndi nyimbo yawo yokhayo imene inafikapo pamenepo. Madala zimawawawa koma ndi mmene zilili.

MdalaWaZimbale: Zimandiwawadi. Zaka 28 za magitala, nambala 1 n'kubwera ndi mavayolini.

Zotsalazo ndi zaukalamba. Mu 2001 anaimba pa Super Bowl pamodzi ndi Britney Spears ndi NSYNC, ine ndinatseka maso. Chaka chomwecho analowetsedwa mu Rock and Roll Hall of Fame. Mu 2004 anatulutsa Honkin' on Bobo, chimbale cha blues ndi Jack Douglas uja, chimenecho ndiye chinanditonthoza mtima. Mu 2009 Tyler anagwa pasiteji ku Sturgis n'kuthyoka phewa, anzake anayamba kukamba zofuna woimba wina, iye anapita kukakhala woweruza pa American Idol mu 2011 ndi 2012. Anakanganabe ngati ana. Kramer mpaka anasumira anzake mu 2020 atamuletsa kuimba nawo pa mwambo wa Grammy, ndipo ng'oma anazitenga John Douglas, amene kale ankamukonzera ng'omazo.

ZalaZisanu: Mathero ake ndi amene amandikhudza ngati woimba. Ulendo wotsanzika, Peace Out, unayamba mu September 2023. Anangoimba mashoo atatu. Pa yachitatuyo, kufupi ndi New York, Tyler anavulala pakhosi, madokotala anapeza kuti kholingo lasweka. Munthu wa zaka 75 akukuwabe mawu apamwamba aja a kumapeto kwa "Dream On". Anadikira pafupifupi chaka, koma mu August 2024 analengeza kuti maulendo oimba asiya chifukwa mawu sangabwererenso mwakale. Ine ndikaimba maukwati awiri Loweruka limodzi, Lamulungu kutchalitchi ndimangoyasamula. Iye wachita zimenezo zaka zoposa 50.

MwanaWaDedza: Chabwino, ndamva. Ndiye ndiyambire pati kuti chigayo chija chisandithamangitsenso?

MdalaWaZimbale: Rocks, kuyambira nyimbo yoyamba mpaka yomaliza, osadumpha. Ndi mphindi 35 zokha osakwana n'komwe. Slash wa Guns N' Roses amati chimbale chimenecho ndicho chinamugwiritsa gitala.

ZalaZisanu: Ayi madala, mumupha mwana. Ayambe "Sweet Emotion", kenako "Janie's Got a Gun", kenako "Walk This Way" zonse ziwiri motsatizana. Rocks abwere nayo sabata yamawa. Ndipo avale mahedifoni, besi ya Hamilton pa sipika ya foni siimveka.

AchemwaliKuLeeds: Ndipo pa ukwati wako, mwana wanga, udzaike ya Armageddon yomweyo. Madala tidzawaitana, tidzaone ngati sadzapukuta maso.

MdalaWaZimbale: Ndidzabwera ndi chimbale changa chodyedwa ndi chiswe, DJ adzandimva.

MwanaWaDedza: Ndaika "Sweet Emotion" panopa. Kapaketi ka shuga kaja ndakamva! Koma bandulo yatsala pang'ono, zinazo ndikamvera mawa pa WiFi ya kuntchito.